KUTHYOKA KWA FUPA LA PANYUNG'UNYU: CHITSULO CHA DOKOTALA NDI UDINDO WA BANJA

Munthu akagwa n'kulephera kudzuka, pabanja pamagwa mantha. Achibale amasonkhana, ena nati apite naye kwa sing'anga wolumikiza mafupa, ena nati ayambe amuthowa ndi madzi otentha, enanso nati adikire kuti kuche. Pamene akukambirana chotero nthaŵi ikupita, ndipo nthaŵi imeneyo ndiyo imene wovulalayo akuisoŵa koposa.

Kabuku kano kalembedwera inu makolo, ana osunga nkhalamba, asodzi ndi oyendetsa njinga za kabaza a m'boma la Mangochi, kuyambira ku Makanjira ndi ku Malindi kutsidya la kum'maŵa kwa nyanja, kufikira ku Monkey Bay, ku Chembe ndi kwa Nankumba. Kakufotokozerani za kuthyoka kwa fupa la panyung'unyu, chifukwa chake madokotala amalimanga ndi mawaya ndi zitsulo, ndiponso zimene banja liyenera kuchita kuti ntchito ya dokotalayo isapite pachabe.

LIDZIŴENI FUPA LANU

Taimirirani pang'ono. Ikani dzanja lanu m'mbali mwa thupi pamene mumamanga lamba kapena chitenje, ndipo mulitsitse pansi mtunda wa chikhatho chimodzi. Mumva fupa lolimba lotumphuka pafupi ndi khungu. Ndi fupa lomwe lija limakuŵaŵani mukagonera mbali imodzi pamphasa usiku wonse.

Limeneli ndi gawo la fupa la ntchafu, lomwe ndi fupa lalitali koposa mafupa onse a m'thupi la munthu. Kumtunda kwake fupa la ntchafu lili ndi zigawo zitatu zimene muyenera kuzidziŵa. Choyamba ndi mutu, wobulungira ngati ndimu, umene umaloŵa m'kambale ka fupa la chiuno ndi kumazungulira m'menemo. Pamenepa ndipo timati panyung'unyu. Chachiŵiri ndi khosi, limene limalumikiza mutuwo ku fupa lonse. Chachitatu ndi chotumphuka mwachikhudza chija. Madokotala amachitchula kuti greater trochanter, koma popeza chili pambali pa khosi, m'kabuku muno tizichitchula kuti pheŵa la fupa la ntchafu.

Pheŵa limeneli lili ngati chikhomo chomangirapo chingwe. Minofu yamphamvu ya m'mbali mwa thako imayambira pa fupa la chiuno ndi kudzamangirira pa pheŵali. Nthaŵi iliyonse mukanyamula phazi limodzi poyenda, thupi lonse limatsamira mwendo umodzi, ndipo minofu ija imakoka pa chikhomo chake kuti chiuno chisapendekeke. Mphamvu imene imadutsa panyung'unyu pa nthaŵi imeneyo imaposa kulemera kwa thupi lanu kaŵiri ndi theka. Kwa munthu wolemera makilogalamu 60, zili ngati kusenzetsa nyung'unyu imodzi matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50, ndipo zimenezi zimachitika pa phazi lililonse limene aponda.

Chikhomo chikazuka, chingwe chimakhala lende. Momwemonso pheŵali likathyoka ndi kusuntha, minofu ija imasoŵa pokokera. Munthu amayenda mopendama, chiuno chikugwera mbali ya mwendo wabwino, thupi likutsamira mbali ya mwendo wovulala. Dokotala wa ku Germany, Friedrich Trendelenburg, anafotokoza chizindikiro chimenechi m'chaka cha 1895, ndipo madokotala amachitchulabe ndi dzina lake.

LIMATHYOKA BWANJI?

Kwa achinyamata, fupa limeneli silithyoka wamba. Pamafunika ngozi yaikulu: kugundidwa ndi galimoto, kugwa panjinga yamoto, kugwa mumtengo wa mango kapena padenga la nyumba. Okwera kabaza pamsewu wokwera mapiri wopita ku Namwera ndi ku Chiponde, kapena pamsewu wa ku Monkey Bay usiku, adziŵe kuti chipewa chimateteza mutu, koma nyung'unyu ilibe chipewa.

Kwa okalamba nkhani ndi ina. Munthu akamakula mafupa ake amayamba kufumbwa m'kati, monga chimachitira chimanga choloŵa anankafumbwe: kunja chikuoneka chabwino, m'kati muli gwagwa. Zimenezi zimafulumira mwa amayi amene anasiya msambo, mwa osuta fodya, mwa okonda moŵa ndi mwa odwala nthaŵi yaitali. Munthu wotere akangoterereka m'bafa, kapena pamwala wa ndere kudooko, kapena akapunthwa pa chingwe cha ukonde, fupa latha.

Fupali lingathyoke malo atatu. Lingathyoke pakhosi, ndipo pamenepa mpovuta kupola chifukwa mitsempha ya magazi yopita kumutu wa fupa imaduka nalo limodzi. Lingathyoke m'munsi mwa khosi modutsa pa pheŵa, ndipo pamenepa pamapola bwino popeza pamafika magazi ambiri, koma zidutswa zake zimakonda kusuntha. Kapena lingabenthuke pheŵa lokha, fupa lina lonse lili chilili.

Zizindikiro zake ndi izi:

1. Ululu waukulu m'mbali mwa ntchafu kapena m'mphechepeche, nthaŵi zina wofika mpaka pabondo.
2. Kulephera kuima kapena kuponda ndi mwendowo.
3. Mwendo kuoneka waufupi poyerekeza ndi unzake.
4. Phazi kugwera kunja munthu atagona chagada.
5. Kutupa ndi kuda kwa khungu m'mbali mwa ntchafu patapita tsiku limodzi kapena aŵiri.

Chenjerani ndi ichi: pheŵa likabenthuka lokha, munthu amatha kuyenda motsimphina, ndipo achibale amati, "Poti akuyenda, sanathyoke." Kaŵirikaŵiri mng'alu umakhala utaloŵa m'kati mwa fupa, ndipo kuyendako ndiko kumamaliza kulithyola. Nkhalamba iliyonse imene yagwa ndi kumva ululu panyung'unyu ipite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ikutha kuyenda.

CHITHANDIZO CHOYAMBA

Mgonekeni wovulalayo chagada ndipo mumfunde. Ikani nsalu yofeŵa pakati pa miyendo yake, kenaka mumange miyendo iŵiriyo pamodzi ndi zitenje, pamaondo ndi pa akakolo, kuti mwendo wabwino ukhale mchirikizo wa wovulalawo. Musamange molimba koposa. Mnyamuleni anthu anayi, atagona pa chitseko, pa thabwa lalikulu kapena pa machira, ndipo apite pagalimoto kapena paboti ali chigonere. Musamkhazike panjinga. Mungathe kumpatsa panado. Tengani kabuku kake ka kuchipatala pamodzi ndi mankhwala onse amene amamwa tsiku ndi tsiku.

Pali zinthu zinayi zimene simuyenera kuchita. Musakoke mwendo poyesa kuuwongola. Musatikite kapena kuthowa, pakuti mumasuntha zidutswa za fupa ndi kuwonjezera kukha kwa magazi m'kati. Musateme mphini, chifukwa khungu lokhala ndi mabala limaloŵetsa tizilombo, ndipo dokotala sangachite opaleshoni pamalo pamene pali mafinya. Musampatse moŵa kuti aiŵale ululu.

Tikudziŵa kuti m'midzi mwathu muli anthu odziŵika ndi luso lomanga mafupa ndi timitengo. Koma fupa la panyung'unyu lakwiririka m'kati mwa minofu yochindikala, ndipo palibe kamtengo kapena nsungwi imene ingaligwire kuchokera kunja. Milungu imene imathera kwa sing'anga ndiyo imene fupa limapolera mokhota, ndipo nkhalamba imafookera pamphasa.

KUCHIPATALA

Mukafika pachipatala chaching'ono cha kwanu, adzakutumizani kumene kuli makina ojambula mafupa a X-ray, monga kuchipatala cha boma cha Mangochi. M'zipatala za maboma m'Malaŵi muno, ambiri othyoka mafupa amathandizidwa ndi akiliniko ofesala ophunzira za mafupa. Maphunziro ameneŵa anayamba m'chaka cha 1985, motsogozedwa ndi Dr. Edward Blair wa ku Canada, mogwirizana ndi bungwe la Malawi Against Polio, ndipo amatenga miyezi 18. Aŵa ndiwo adzaona chithunzi ndi kukuuzani njira yoyenera wodwala wanu.

Njira zake zilipo zitatu.

Yoyamba ndi kupumula ndi kuyendera ndodo. Imeneyi ndi ya amene pheŵa lokha labenthuka koma silinasunthe kwambiri.

Yachiŵiri ndi kukoka mwendo. Wodwala amagona pabedi, ndipo kumwendo kwake amamangirira chingwe chokhala ndi zolemera, kuti fupa likhale chiwongokere pamene likupola. Njirayi yathandiza anthu ambiri m'zipatala zathu, koma imafuna kugona milungu 6 kapena kuposerapo. Kwa nkhalamba kugona kotere kuli ndi zoopsa zake: zilonda za pamsana ndi m'matako, chibayo, kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo, ndi kufota kwa minofu.

Yachitatu ndi opaleshoni yomanga fupa ndi chitsulo. Maopaleshoni aakulu a panyung'unyu amachitikira m'zipatala zazikulu kumene kuli madokotala a mafupa ndi zipangizo zake. Odwala a ku Mangochi amatumizidwa ku Zomba Central Hospital, ndipo ena amapitirira mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ku Lilongwe, pa Kamuzu Central Hospital, kuli chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION, chimene chinayamba kulandira odwala m'chaka cha 2023. Madokotala a m'maiko ambiri amagwirizana kuti nkhalamba yothyoka panyung'unyu imapeza bwino ikachitidwa opaleshoni asanathe masiku aŵiri. Kwathu kuno mtunda ndi kuchuluka kwa odwala zimatalikitsa nthaŵiyo. Chifukwa chake inu musawonjezepo masiku ena pozengereza kunyumba. Akakuuzani za ulendo wa ku Zomba, mwini mbumba ndi achibale agwirizane msanga, asankhe wokadikirira wodwala, ndipo ena akhale okonzeka kupereka magazi.

CHIFUKWA CHAKE AMAIKA CHITSULO

Ambiri amafunsa kuti, "Bwanji osangomuika chikhakha monga amachitira ndi mkono?" Yankho lake lili pa minofu ija. Usana ndi usiku minofu ya m'thako imakokera pheŵa lothyokalo m'mwamba ndi m'mbuyo, kutali ndi malo ake. Chikhakha chimagwira kunja kokha ndipo sichingaletse kukoka kumeneku. Mafupa aŵiri amene sakukhudzana sangalumikizane. Tsono dokotala amayenera kutsegula, kubweza chidutswacho pamalo pake, ndi kuchimanga ndi chinthu champhamvu kuposa minofuyo.

Pali nthaŵinso zina pamene dokotala amadula pheŵali mwadala. Poika nyung'unyu yachitsulo m'malo mwa yowonongeka, makamaka pobwereza opaleshoni yakale, amalidula ndi kulinyamula pamodzi ndi minofu yake monga chivundikiro cha mphika, kuti aone bwino m'kati. Akatha ntchito amalibwezera ndi kulimanga. Njira imeneyi inatchuka ndi John Charnley wa ku England, amene m'chaka cha 1962 pachipatala cha Wrightington anayamba kuika nyung'unyu zachitsulo ndi pulasitiki za mtundu umene unafalikira dziko lonse lapansi. Iye ankamanga pheŵali ndi mawaya. Mawayawo nthaŵi zina ankaduka fupa lisanapole, ndipo madokotala anafunafuna njira yolimba. M'chaka cha 1983, Dr. Desmond Dall wa ku Cape Town ndi mnzake Anthony Miles anafotokoza njira yatsopano: chingwe chopota ndi timawaya tambirimbiri, pamodzi ndi kachitsulo ka mano kogwira pheŵalo. Monga mudziŵa inu asodzi, chingwe chopota chimapirira kuposa ulusi umodzi wonenepa. Kuno ku Malaŵi, chipatala cha Beit CURE chinatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 2002, ndipo kaundula wa anthu oikidwa nyung'unyu zachitsulo m'dziko muno anayamba kulembedwa m'chaka cha 2005.

Lero dokotala amasankha chomangira poona mmene fupa lathyokera:

1. Mawaya kapena zingwe zachitsulo zozunguliza fupa ndi kulikungira pamalo pake.
2. Masikuluwu, ngati chidutswacho n'chachikulu ndi cholimba.
3. Chitsulo chaphanthiphanthi chokhala ndi zala zopindika kumutu kwake, zimene zimakola pheŵa monga mbedza, ndipo thunthu lake limamangidwa ku fupa la ntchafu.
4. Fupa likathyoka modutsa m'munsi mwa khosi, sikuluwu yaikulu yoloŵa mpaka kumutu wa fupa yogwirana ndi chitsulo cha m'mbali, kapena msomali wautali woloŵa m'mphako ya fupa. Njira ya msomaliyi inayambitsidwa ndi Gerhard Küntscher ku Kiel m'dziko la Germany m'chaka cha 1939.

Pa opaleshoni wodwala samva ululu. Ena amawagoneka tulo ndi mankhwala, ndipo ambiri amawabaya jekeseni wa pamsana amene amachititsa dzanzi kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi.

Tsono gwiritsitsani mfundo iyi, pakuti ndiyo mutu wa kabuku kano. Bwato likang'aluka, mumakhomerapo lata, ndipo latalo liyenera kugwira mpaka bwatolo litatha, chifukwa mtengo wouma sumera. Fupa ndi lamoyo. Chitsulo chimangoligwiriziza kuti thupi lipeze mpata womanga fupa latsopano pamng'alu paja, ndipo ntchito imeneyi imatenga milungu 6 mpaka 12, nthaŵi zina kuposerapo. Waya mukamaupinda uku ndi uku umaduka. Momwemonso wodwala akafulumira kulemetsa mwendo fupa lisanagwirane, chitsulo chimatopa ndi kuduka, kapena chimang'amba fupa lofumbwa lija. Pali mpikisano pakati pa kupola kwa fupa ndi kutopa kwa chitsulo, ndipo amene amathandiza fupa kupambana ndinu a pabanja.

MAFUNSO AMENE ANTHU AMAFUNSA

Kodi chitsulocho sichichita dzimbiri? Iyayi. Sichili ngati msomali wa pa hadiweya. Chimapangidwa ndi zitsulo zapadera, monga titanium ndi chitsulo chosachita dzimbiri, zimene zimakhala m'thupi zaka zambiri popanda vuto.

Kodi sichiitana mphenzi? Iyayi. Munthu wa chitsulo m'thupi adziteteze ku mphenzi monga wina aliyense: asakhale panyanja, pamtetete kapena pansi pa mtengo wautali mvula ya ziphaliwali ikugwa.

Kodi chidzachotsedwa? Kaŵirikaŵiri sachotsa. Koma popeza pheŵali lili pafupi ndi khungu, ena, makamaka oonda, amamva kuŵaŵa pogonera mbali imeneyo. Zikatero dokotala angachichotse fupa litapola.

Kodi nkhalamba ingapirire opaleshoni? Madokotala amayamba apima magazi, mtima, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kwa okalamba ambiri, kugona miyezi iŵiri osadzuka n'koopsa kuposa opaleshoni. Funsani dokotala mafunso anu onse musanasaine. Safunsa anadya phula.

Nanga amene amamwa ma ARV? Nawonso amachitidwa opaleshoni ndi kuchira. Auzeni adokotala za mankhwalawo, ndipo musaleke kumwa ngakhale tsiku limodzi popanda langizo lawo.

KUSAMALA WODWALA KUNYUMBA

Musanatuluke m'chipatala, funsani mafunso atatu ndipo mayankho ake alembedwe m'kabuku: Kodi aponde ndi mwendowo, ndipo aponde motani? Ulusi adzachotsa liti? Tidzabwerenso liti kudzajambulitsa? Kaŵirikaŵiri ulusi umachotsedwa patapita masiku 10 mpaka 14. Malangizo a dokotala amene anachita opaleshoniyo ndiwo oyamba kutsatidwa, popeza ndiye anaona kulimba kwa fupalo.

Pogona. Konzani bedi lofika m'maondo kutalika kwake. Kudzuka kuchokera pamphasa kumafuna mphamvu yonse ya minofu ya m'thako, ndipo kungazule chomangira chija. Ngati bedi palibe, mmisiri wa m'mudzi angakhome thandala la mitengo ndi nsungwi. Wodwala asagonere mbali ya opaleshoni kufikira atamlola. Pogonera mbali inayo aike mtsamiro pakati pa maondo.

Kuchimbudzi. Apa ndipo ambiri amawonongera ntchito ya dokotala. Wodwala asanjute. Tengani mpando wolimba, muuboole pakati, ndi kuuika pamwamba pa dzenje la chimbudzi. Zikani mtengo wogwirira pambali pake. Salazani njira yochokera kunyumba, ndipo usiku pakhale chidebe chovundikira pafupi ndi bedi. Mpandowo uzitsukidwa ndi sopo tsiku ndi tsiku, ndipo dzenje lizivundikiridwa.

Kubafa. Asambe atakhala pampando. Palani ndere pamiyala ya m'bafa. Bala likhale louma mpaka ulusi utachotsedwa, ndipo asaloŵe m'nyanja, mu Shire kapena m'Malombe bala lisanapoleretu. Musapakepo mankhwala a zitsamba kapena phulusa.

Mayendedwe. Chimene chimakoka pheŵa koposa ndicho kunyamulira mwendo m'mbali. Kotero kwa milungu 6 yoyamba, kapena monga adokotala anenera, wodwala asakwere njinga, asadumphe mphepete mwa bwato, asakoke nawo khoka, asasenze mtolo kapena ndowa. Asayende pamchenga wotitimira wa kugombe. Koma asangogona ayi. Adzuke tsiku lililonse ndi kuyenda pang'ono ndi ndodo ziŵiri monga anamphunzitsira a mafizo, munthu wina ali pambali pake. Ali pabedi azigwedeza mapazi kaŵirikaŵiri ndi kupuma mokoka mpweya, kuti magazi ayende ndi chifuwa chimasuke. Akadzafika poyendera ndodo imodzi, aigwire ndi dzanja la mbali ya mwendo wabwino. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa. Ndodo ikakhala mbali ya mwendo wabwino, ndiyo imapeputsa ntchito ya minofu ya mbali yovulala.

Mapemphero. Kugwada ndi kukhala pansi zidikire. Chisilamu chimalola wodwala kuswali atakhala, ndipo m'matchalitchi namonso palibe wokakamiza wodwala kugwada. Kambiranani ndi a shehe kapena abusa anu, ndipo muikireni mpando.

Chakudya. Fupa limamangidwa ndi chakudya. Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi mwayi umene ena alibe. Usipa, utaka, kambuzi ndi matemba, zikadyedwa ndi minga yake yomwe, zimapatsa thupi kashiamu, mchere umene umalimbitsa mafupa. Kwa nkhalamba yopanda mano, sinjani nsombazo ndi kuthira m'phala kapena m'ndiwo. Wonjezerani mazira, mkaka, nyemba, nandolo, nsinjiro, bonongwe, chigwada, cham'mwamba ndi malambe. Wodwala aothere dzuŵa la m'maŵa, pakuti dzuŵa limathandiza thupi kupanga vitamini D, amene amaloŵetsa kashiamuyo m'mafupa. Amwe madzi aukhondo okwanira. Musamchepetsere madzi poopa kuvutika kumtengera kuchimbudzi.

Fodya ndi moŵa. Fodya, wosuta ndi wofwenkha yemwe, amachepetsa magazi ofika pafupa ndi kuchedwetsa kupola. Moŵa umagwetsa munthu kachiŵiri. Zonse ziŵiri zilekeke.

Wodikirira wodwala naye ndi munthu ndipo amatopa. Ntchito ya miyezi itatu isagwere mwana wamkazi mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Gaŵanani masiku, ndipo amuna nawo atengepo mbali, makamaka ponyamula ndi pokonza bedi, mpando ndi njira.

BWERERANI KUCHIPATALA MSANGA MUKAONA IZI

1. Bala kufiira, kutentha, kutupa, kununkha kapena kutuluka madzi ndi mafinya.
2. Kutentha thupi. Musangoti ndi malungo, kapimitseni, ndipo muwauze achipatala za chitsulocho.
3. Kumva kanthu kuthetheka panyung'unyu, ululu n'kubwerera mwadzidzidzi.
4. Mwendo kufupika kapena phazi kugweranso kunja.
5. Kutupa ndi kuŵaŵa kwa katumba kapena kwa mwendo wonse.
6. Kubanika, kuŵaŵa kwa pachifuwa kapena kutsokomola magazi. Izi n'zosadikira kuti kuche.
7. Nkhalamba kuyamba kubwebweta kapena kusazindikira abale ake. Si ufiti kapena misala. Kaŵirikaŵiri ndi chizindikiro cha matenda ena m'thupi, monga chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo.
8. Khungu la pamsana, m'matako kapena pa zidendene kuda kapena kusupuka.

Ngakhale zonse zikuyenda bwino, pitani pa tsiku limene anakulemberani. Kutha kwa ululu sikutanthauza kuti fupa lagwirana. Chithunzi chokha ndicho chimanena zoona. Dziŵaninso kuti kutsimphina kumatenga miyezi ingapo kuti kuthe, popeza minofu imene inagona iyenera kulimbanso, ndipo ena amatsala nako pang'ono moyo wawo wonse. Amene amatsata malangizo ndiwo amabwerera kumunda, kumsika ndi kunyanja.

KUPEŴA

Amene wathyoka nyung'unyu imodzi ali pangozi yothyokanso inayo. Yenderani pakhomo panu lero ndi maso a nkhalamba. Kwirirani maenje a pabwalo. Chotsani zingwe za mbuzi, maukonde ndi zitsa m'njira. Tsitsani sitepe ya pakhonde ngati ili yaitali, ndipo muzikepo chogwirira. Agogo akhale ndi tochi pafupi ndi pogona pawo, ndiponso nsapato zosaterera. Ngati maso awo achita ng'ala, pitani nawo kuchipatala, pakuti ng'ala imachotsedwa. Ngati amamva chizungulire podzuka, makamaka akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, akaonedwe. Asaleke kuyenda ndi kugwira tintchito topepuka, chifukwa fupa losagwira ntchito limafumbwa msanga. Kukwera m'mitengo ndi padenga kusiyireni anyamata, ndipo iwonso achenjere.

Inu a kabaza, musanyamule anthu aŵiri kapena atatu panjinga imodzi, musayende usiku popanda nyali, ndipo musagwire chiwongolero mutalaŵa.

KUMBUKIRANI

Nkhalamba yagwa ndi kumva ululu panyung'unyu: kuchipatala tsiku lomwelo, ili chigonere.

Osakoka, osathowa, osatema mphini.

Chitsulo chimagwiriziza, koma cholumikiza ndi thupi, ndipo thupi limafuna milungu 6 mpaka 12.

Bedi lokwera, mpando wa m'chimbudzi, ndodo kumbali ya mwendo wabwino, ndi usipa wa minga yake.

Mukafuna kudziŵa zambiri, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena achipatala cha pafupi ndi kwanu. Mukatha kuŵerenga kabuku kano, kaŵerengereni amene sadziŵa kuŵerenga, ndipo mukapereke kwa anansi anu.